Galu wosakhazikika ndi khomo lopanda mpanda ku Wallacedene

M'makola a mabungwe osamalira ziweto mumzinda wa Cape Town muli mtundu wa galu amene aliyense wogwira ntchito kumeneko amamudziwa bwino. Si wokalamba, ndipo sakudwala. Ali ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, thupi lake ndi lojintcha, maso ali gwa. Akaona munthu amalumpha mpaka pachifuwa. Akamangidwa chingwe amakoka ngati ng'ombe yapangolo imene yamva fungo la kukhola. Akasiyidwa yekha amatafuna mbale, bulangete ndi chitseko chomwe, kenaka n'kuyamba kukumba pansi pa waya. Anthu ofuna galu amaima pakhola pake kamphindi, n'kumuyamikira kukongola, n'kupitirira kukasankha kamwana ka galu kapena galu wofatsa wa m'khola lotsatira. Mwina pali banja limene linamutengapo, koma linamubweza sabata ziwiri zisanathe. Akabwerera m'khola, khalidwe lija limakula, pakuti galu wanyonga akatsekeredwa nthawi yaitali amayamba kuzungulira pamalo amodzi, kuuwa kosalekeza ndi kudzinyambita mpaka zilonda. Chimene chinamulepheretsa kupeza khomo chimakula ndi tsiku lililonse limene akhala wopanda khomo.

Mabungwe amenewa, kuyambira Cape of Good Hope SPCA ya ku Grassy Park, imene inakhazikitsidwa mu 1872, mpaka timagulu ting'onoting'ono ta anthu ongodzipereka, sapereka galu kwa aliyense amene watambasula dzanja. Kawirikawiri amayamba ayendera pakhomo. Chimene amayang'ana choyamba ndi mpanda: kodi bwalo ndi lotchingidwa mbali zonse, kodi geti limatseka, kodi galu sangalumphe. Lamuloli lili ndi chifukwa chake, ndipo amene anaonapo galu atagundidwa pamsewu wa N1 sangalinyoze. Koma likagwira ntchito palokha, limadula mzinda pakati. Kumene kuli mipanda, ku Durbanville ndi ku Brackenfell, eni nyumba ambiri amachoka m'mamawa n'kubwera madzulo, ndipo amafuna galu wodekha amene sangazule maluwa. Kumene kuli anthu oyenda pansi tsiku lonse, ozolowera agalu kuyambira ubwana, kulibe mipanda. Galu wosakhazikika uja amatsala pakati, osafunidwa uku, osaloledwa uko.

Wallacedene ndi amodzi mwa malo opanda mipandawo. Ali ku Kraaifontein, moyandikana ndi Bloekombos ndi Scottsdene, ndipo anayamba m'zaka za m'ma 1980, pamene malamulo a mapasi anayamba kufooka ndipo anthu akumidzi anathamangira kumzinda. Wowerenga angafunse, ndipo funso lake ndi loyenera: kukamba za nyumba ya galu ku Wallacedene si chipongwe kodi? Kumeneku n'kumene kunkakhala mayi Irene Grootboom, amene pamodzi ndi akuluakulu ndi ana pafupifupi 900 anathamangitsidwa mu 1999 pamalo amene anawatcha New Rust, nyengo yozizira ndi yamvula ikuyamba, n'kukagona pabwalo la masewero la Wallacedene atafunda mapepala apulasitiki. Mlandu wawo unafika ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo pa 4 Okutobala 2000 khotilo linagamula kuti ndondomeko ya boma ya nyumba inali yoperewera chifukwa sinkaganizira anthu amene ali pamavuto adzaoneni. Dzina lawo limaphunzitsidwa m'sukulu za malamulo m'maiko ambiri. Iwo eni anamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa. Pamalo a mbiri yotere, galu sangakhale nkhani yoyamba.

Komabe agalu ku Wallacedene alipo kale, ndipo sanadikire chilolezo cha bungwe lililonse. Amene wakanizidwa galu kukhola la bungwe sasiya kufuna galu. Amakagula kamwana ka galu pamsewu kapena kwa mnzake, kosabayidwa katemera, kosafulidwa, kosadziwika mayi wake. Kakakula n'kuyamba kuvuta, kamamangidwa tcheni pamtengo kuseri kwa chisakasa. Choncho lamulo la mpanda siliteteza agalu a ku Wallacedene. Limangoonetsetsa kuti galu wofulidwa, wobayidwa katemera ndi wodziwika khalidwe, amene bungwe likanatha kumulondola, asafikeko.

Pakati pa anthu a kumeneku pali Amalawi, ndipo nkhaniyi ikuwakhudza mwanjira yachilendo. Ambiri a iwo amagwira ntchito zam'gadeni ndi zam'nyumba m'madera a mipanda aja. Pa ntchito zawo pamakhala kudyetsa agalu a bwana, kuwasambitsa, kuwachotsa nkhupakupa, kuwayendetsa m'mawa. Bwana akapita kutchuthi mu Disembala, makiyi ndi agalu omwe amasiyidwa m'manja mwawo. Munthu amene amakhulupiriridwa ndi agalu atatu a mwini wake kwa mwezi wathunthu, akapempha galu mmodzi wakewake amafunsidwa kutalika kwa mpanda umene alibe. Luso lake, limene ndi lenileni ndipo lingathe kutsimikizidwa ndi foni imodzi kwa bwana wakeyo, silikhala ndi malo pafomu.

Ndipo luso limenelo silinayambire ku Cape Town. Amene anakulira kumudzi ku Dedza, ku Mzimba kapena ku Katete amakumbukira galu wauzimba. Galu amene lero amalembedwa kuti ndi wovuta, wothamanga mosatopa, wonunkhiza paliponse, wokumba, ndiye ankasiriridwa ndi anyamata onse pamudzi. Ankatsogola posaka akalulu, ankaperekeza abusa kudambo, ankathamangitsa anyani kumunda chimanga chikamacha. Madzulo ankagona pafupi ndi nkhokwe ali wefuwefu, ndipo palibe ankamumva akuuwa mwezi popanda chifukwa. Akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe. Wamng'ono amene akukanda waya wa khola nayenso ali ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho nthawi zambiri n'chakuti thupi lake linapangidwira ntchito imene sakupatsidwa. Galu wotere akaikidwa m'bwalo lalikulu la kapinga wobiriwira, mwini wake n'kutseka geti n'kupita, sachira. Amayenda m'mbali mwa mpanda mpaka kupanga kanjira, monga ankachitira m'khola muja. Chimene chimamukhazika pansi ndi ola limodzi kapena awiri oyenda ndi munthu tsiku lililonse, munthu yemweyo, mawu omwewo, nthawi yomweyo. Mlonda amene amaweruka m'bandakucha n'kukhala pakhomo usana wonse, kapena mnyamata amene amathamanga m'mawa uliwonse kulowera kuminda ya mphesa ya ku Bottelary, angathe kupereka zimenezi kuposa banja la magalimoto awiri.

Apa m'pofunika kunena chilungamo, pakuti kukometsa Wallacedene kungakhale kunama. Zisakasa ndi zothinana, tinjira ndi topapatiza, ndipo ana ang'onoang'ono amasewera paliponse. Mawu akuti galu wovuta amabisa zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Pali galu wolumpha, wokoka ndi wotafuna chifukwa cha nyonga ndi kusaphunzitsidwa, ndipo pali galu amene analumapo munthu, kapena amene amaumitsa thupi n'kuyang'anitsitsa mwana akamadutsa. Woyambayo angathe kukhala ku Wallacedene ndi munthu woyenera. Wachiwiriyo sayenera kupitako n'komwe, ngakhale womufunayo atakhala ndi mtima wabwino chotani, ndipo bungwe limene lingabise mbiri yake kuti khola lipepuke lingakhale likusewera ndi moyo wa mwana wa munthu. South Africa inaona mu 2022 zimene zimachitika agalu akavulaza ana: anthu ambirimbiri anasaina chikalata chopempha kuti agalu a mtundu wa pit bull aletsedwe, ndipo ku Gatesville, mu Cape Town momwemo, khamu lokwiya linapha ndi kutentha agalu atatu amene analuma mtsikana. Mkwiyo wotere ukagwera pakhomo la mlendo wochokera kunja, sungaimire pa galu yekha. Mmalawi aliyense amene anaona chaka cha 2008 amadziwa kuti moto wa khamu suchedwa kulumpha.

Malamulo nawo sayang'ana kuti mwini galu ndi wosauka. Lamulo la mu 1993 lokhudza ziweto limati munthu amene chiweto chake chavulaza wina chifukwa cha kusasamala kwake angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka ziwiri. Mu 2020 khoti la apilo linatsimikiza kuti mwini agalu ku Port Elizabeth, kumene tsopano kumatchedwa Gqeberha, ayenera kulipira munthu wa maganyu amene anadulidwa mkono atalumidwa pamsewu, ngakhale mwiniyo ankati ndi anthu ena amene anatsekula geti. Lamulo la mzinda wa Cape Town la mu 2021 limafuna kuti galu wopitirira miyezi isanu ndi umodzi afulidwe kapena atsekedwe, pokhapokha mwini wake atatenga chilolezo. Ndipo lamulo loteteza nyama la mu 1962 limaletsa kumanga chiweto mwanjira yochizunza. Kwa munthu amene mapepala ake okhalira m'dziko sali bwino, mlandu wa galu ungathe kutsekula milandu ina imene ankaipewa.

Vuto lalikulu, komabe, lili mumtima wa wofuna galuyo. Ambiri akamva kuti pali galu wamphamvu amene wakanika ena, amaganiza za chitetezo. Umbanda ku Kraaifontein ndi woopsa, ndipo palibe angadzudzule munthu wofuna kugona tulo. Koma galu wotengedwa kuti akhale chida amathera patcheni chachifupi, amadyetsedwa mkute, ena mpaka amamupatsa tsabola poganiza kuti akhala waukali. Galu womangidwa sangathawe chimene akuopa, choncho amaphunzira kuluma, ndipo amene amayamba kufika pafupi naye si wakuba koma mwana wa woyandikana naye nyumba amene akutola mpira. Walira mvula walira matope. Amene akufuna galu wanyonga akufunanso kudzuka mu Julayi, mvula ya ku Cape ikuwomba malata, n'kumanga chingwe n'kutuluka. Akufunanso kukhala naye m'nyumba usiku wa 5 Novembala ndi usiku wa chaka chatsopano, pamene zophulitsa zimachititsa agalu kudula zingwe n'kuthawira kumsewu. Akufunanso kuyankha funso limene alendo ambiri salikonda: tsiku lobwerera kumudzi likadzafika, kapena landilodi akadzati lendi yakwera chokani, galuyo adzapita kuti? Basi ya ku Lilongwe imanyamula mafiriji ndi njinga, koma galu amatsala.

Zonsezi ndi zifukwa zofunsira mafunso ovuta, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene mpanda umayankha. Woyendera pakhomo angathe kufunsa amene amakhala panyumba masana, kumene galu adzagone, ngati landilodi ndi oyandikana nawo avomera, ngati pali kakhola ka mapaleti ndi waya kamene kangamangidwe pambali pa chisakasa, ngati pali wachibale amene angalandire galuyo zinthu zikasintha. Angathe kupereka galu mongoyesa kwa mwezi umodzi, n'kubweranso kudzaona, ndi lonjezo lakuti kumubweza si manyazi. Zimenezi zimadya nthawi ndi mafuta a galimoto kuposa kuyeza mpanda, ndipo mabungwe ambiri ali ndi ndalama zochepa. Koma kusunga galu m'khola kwa chaka chathunthu nakonso si kwaulere, ndipo mathero ake kawirikawiri amakhala jakisoni womugonetsa.

Njira ya mtundu umenewu si maloto. Ku Mpophomeni, pafupi ndi Howick m'chigawo cha KwaZulu-Natal, bungwe la Funda Nenja, dzina lotanthauza kuphunzira ndi galu, lakhala kuyambira mu 2009 likusonkhanitsa ana a m'komboni ndi agalu awo sabata iliyonse, kuwaphunzitsa kuyenda pachingwe, kukhala pansi ndi kubwera akaitanidwa, popanda chikoti. Ku Khayelitsha chipatala cha ziweto cha Mdzananda chakhala chikuthandiza agalu a anthu a m'zisakasa kuyambira mu 1996. Kumudzi nako, ku Blantyre, pamene a Mission Rabies anayamba mu 2015 kubaya katemera wa chiwewe agalu ochuluka zedi, ambiri mwa amene ankabwera ndi agalu pamalo a katemera anali ana, ena atawamanga ndi luzi kapena nsanza ya chitenje. Osauka sanasowepo chikondi pa agalu. Chimene amasowa ndi chingwe chabwino, dokotala wa ziweto wapafupi, ndi wina wowaonetsa kuti galu amamva msanga ndi kachidutswa ka nyama kuposa ndodo.

Magulu a Amalawi a ku Kraaifontein, amene amatha kusonkha ndalama zotumizira maliro mpaka ku Mangochi m'masiku ochepa, sangalephere kuchitirana umboni pa nkhani yaing'ono ngati iyi. Tcheyamani wa gulu kapena mkulu wa mpingo amadziwa amene amamwa mpaka kuiwala geti, ndi amene wakhala pakhomo limodzi zaka zisanu akulera ana ake mwaulemu. Kalata yochokera kwa iye, pamodzi ndi mawu a bwana amene agalu ake akhala akuyendetsedwa ndi munthuyo, ikanayenera kulemera pamaso pa bungwe mofanana ndi chithunzi cha mpanda wa njerwa. Ndipo gulu lomwelo likanakhala loyamba kugogoda pakhomo tsiku limene galuyo waoneka ali patcheni padzuwa popanda madzi.