Asanatinyanse Osungitsa Mtendere, Tikumbukire Bulawayo

Chiphedwereni asilikali athu atatu kum'mawa kwa DRC mu Januwale 2025, ambiri akuimba nyimbo imodzi: osungitsa mtendere alibe phindu, amangokadya ndalama. Maganizo awa ndi aulesi. Ntchitoyi imapulumutsa miyoyo, kungoti ili ndi polekezera, ndipo mzinda wa Bulawayo, kumene kuli machona athu ambiri, unaona mbali zonse ziwiri.

Pangano lothetsa nkhondo la Lancaster House litasainidwa pa 21 Disembala 1979, mayiko a Britain, Australia, New Zealand, Kenya ndi Fiji anatumiza ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) asilikali pafupifupi 1,500 motsogozedwa ndi Major General John Acland. Anali ochepa, zida zawo zopepuka. Anamanga misasa kutchire n'kudikira ankhondo omenyera ufulu a ZANLA ndi ZIPRA. Oposa 20,000 anatuluka m'nkhalango mfuti zili kumanja, poti panali mlendo woimirira pakati pa iwo ndi asilikali a Rhodesia. Mu Febuluwale 1980 anthu anaponya voti. Nkhondo imene inatha anthu zikwizikwi inaima m'miyezi itatu yokha. Chomwechonso ku Mozambique: gulu losungitsa mtendere la ONUMOZ litalanda zida pakati pa 1992 ndi 1994, othawa nkhondo pafupifupi miliyoni amene anadzaza ku Nsanje, Ntcheu ndi Dedza anabwerera kwawo.

Otsutsa amathamangira kutchula Rwanda ya 1994, ngati kuti enafe sitinamvepo. Ena amatchula Entumbane, ndipo apa pali mfundo ndithu. Alendo aja anachoka mu Malichi 1980. Pofika Novembala, ZIPRA ndi ZANLA anali kuwomberana ku Entumbane, dera la mumzinda wa Bulawayo, ndipo mu Febuluwale 1981 nkhondo itabukanso panafa anthu oposa 300. Kenako mu 1983 kunabwera Gukurahundi, kuphedwa kwa anthu wamba ambirimbiri ku Matabeleland.

Koma mlanduwo ngwa yani? Amene anaika magulu awiri odana pamalo amodzi, aliyense ndi mfuti zake, ndi boma la Zimbabwe. Fifth Brigade, imene inachita Gukurahundi, inaphunzitsidwa ndi North Korea ndipo inali ya boma la Robert Mugabe. Apa ndiye pothera mphamvu za osungitsa mtendere: amalowa m'dziko boma litalola, choncho boma likatembenukira anthu ake omwe, manja awo amakhala omangika. Ngakhale ku Rwanda, amene anachepetsa asilikali osungitsa mtendere otsogozedwa ndi Roméo Dallaire kufika pa 270 kuphana kuli mkati anali akazembe okhala pa mipando yofewa ku New York.

Ku Goma, kum'mawa kwa DRC, kunalibe pangano lolimba loti alisunge. Anyamata athu, pansi pa SADC, anatumizidwa kukamenyana ndi zigawenga za M23, ndipo bungweli linathetsa ntchitoyo mu Malichi 2025. Imeneyo inali nkhondo yovala dzina la mtendere.

Aphungu athu, tsiku lina asilikali asanakwerenso ndege, funsani ngati omenyanawo anagwirizana kale zoleka kuwomberana. Ngati ayi, anyamatawo akhale ku Kamuzu Barracks.