CHENJEZO KWA MAKOLO: KATUNDU WATSOPANO ASANALOWE M'NYUMBA YOMWE MULI MWANA

Makolo anzanga, azigogo, ndi nonse amene mukulera ana osakwana zaka zisanu, ndimvereni katundu wa Disembala asanafike pakhomo panu. Masabata akubwerawa malole ndi mabasi ochokera ku Joni azidutsa pa Mwanza ndi pa Dedza atasenza makabati, ma TV, matiresi ndi zikwama zodzaza timphatso. Akalipentala m'misika akukhoma mpaka usiku kuti maoda a Khirisimasi atuluke. Amayi osoka pakhomo apukuta kale fumbi pa makina awo. Zonsezi n'zokondweretsa, ndipo sindikufuna kukulandani chimwemwe chimenecho. Koma pakati pa katundu ameneyu pali zinthu zimene zikhoza kupha mwana inu muli pakhonde pomwepo, osamva ngakhale kulira kwake.

Ndiyamba ndi kabati, chifukwa iyi ndinaiona ndi maso anga.

Mchemwali wanga anagula kabati yaitali ya pabalaza, ija ya zitseko za galasi pamwamba ndi madirowa pansi. Anyamata anabwera nayo pa lole, anaiimika chogundiza kukhoma, ndipo ataona kuti simenti ya pansi ndi yokwera kwina, anapinda kachidutswa ka katoni n'kukatsamiritsa pansi pa mwendo umodzi. Anaigwedeza pang'ono, n'kunena kuti, "Yakhala bwino, mayi." Analandira ndalama zawo n'kumapita. Madzulo ake mbale zadothi ndi matambula zinakwera pamwamba, rimoti ya TV nayo inaikidwa pamwamba pomwepo kuti mwana asaifikire. Pa tsiku lachitatu mwana wake wa zaka ziwiri anakoka dirowa yapansi, anaponda m'katimo, anagwira chogwirira cha chitseko n'kudzikweza. Mayi wake anali pakhonde akusankha mpunga. Anangomva kuphwanyika kwa mbale. Chimene chinamupulumutsa mwanayo ndi mkono wa sofa umene unatchinga mutu wa kabati isanafike pansi. Tinamutulutsa m'kampata kamene kanatsala, magalasi ali mbwee, magazi akuyenderera pachipumi. Anamusoka kuchipatala ndipo lero akuthamanga. Sofa ija ikanakhala chapatali pang'ono, bwenzi tikukamba zina.

Musaganize kuti kabati ndi yolemera kwambiri moti kamwana sikangaigwetse. Dirowa ikangotseguka, kulemera kwina kumasamukira kutsogolo. Makabati ambiri a masiku ano ndi a matabwa opanikiza utuchi, kumbuyo kwake kachibolodi kopyapyala, kutsogolo zitseko zolemera za galasi, ndipo miyendo yake ndi yoyandikana. Mwana wa zaka ziwiri amalemera makilogalamu 12 kapena kuyandikira pamenepo. Akaponda m'dirowa yotseguka, kulemera kumeneko n'kokwanira. Choopsa kwambiri n'chakuti kabati ya zovala ikagwera mwana siphokosera, chifukwa thupi la mwanayo ndilo limalandira, ndipo chifuwa chikapanikizika mwana salira. Ana ena afera kuchipinda makolo awo akuganiza kuti akugona.

Vutoli si la kwathu kuno kokha ayi. Mu Juni 2016 kampani ya mipando ya IKEA inaitanitsa kuti abwezedwe makabati a zovala okwana 29 miliyoni ku United States, ena mwa iwo a mtundu wa Malm, ana atafa chifukwa chogweredwa. Boma la dzikolo linachita kukhazikitsa lamulo mu 2022 lokakamiza opanga makabati a zovala kuti aziwayesa kaye ngati sangagwe mwana akawakwera. Ndiye ngati kabati yopangidwa ndi kampani yaikulu choncho, yoima pansi posalala, inagwa, kuli bwanji yathu yotsamira kakatoni?

Mankhwala ake ndi amodzi: mangirirani kabati kukhoma tsiku lomwe yafika, osati Loweruka likubwerali. Mipando yambiri yochokera kunja imabwera ndi kathumba ka tizitsulo topindika kapena kalamba ndi masikuluu. Olumikiza ambiri amakataya poganiza kuti ndi zotsala. Kathumba kameneko ndiko moyo wa mwana wanu, kafunseni asanachoke. Ngati palibe, tizitsulo tiwiri topindika ngati L timapezeka m'mahadiweya. Mbali imodzi imangidwe pa thabwa lenileni la pamwamba pa kabati, osati pa kachibolodi kakumbuyo kaja, ndipo mbali inayo ilowe m'njerwa ndi timapulagi ta pulasitiki. Msomali wokhomera mu pulasitala umazuka. Ngati nyumba ndi ya zidina, uzani kalipentala aboole khoma mpaka kuseri n'kudutsitsa bawuti yaitali kapena waya wolimba, apo ayi gulani kabati yaifupi ndi yotambalala. Okhala nyumba za lendi, ndikudziwa mantha anu. Kambiranani ndi alandilodi. Timabowo tiwiri timatsekedwa ndi simenti yodzaza dzanja limodzi. Zolemera zikhale pansi, ndipo pamwamba pasakhale rimoti, foni, shuga kapena mabisiketi, chifukwa chimene mwabisa pamwamba mwana akuona ndicho chimamukweza. TV nayo imangidwe, makamaka ija yakale ya chimsana imene mwaisamutsira kuchipinda n'kuisanjika pa katebulo.

Pa ola lotsitsa katundu, mwana akhale kumsana kapena m'dzanja la munthu wamkulu mmodzi amene wauzidwa kuti ntchito yake ndi imeneyo. Lole ikamabwerera m'mbuyo dalaivala samuona mwana amene waima kuseri, ndipo nthawi imeneyo aliyense maso amakhala pa katundu. Chipulasitiki chokutira matiresi chichoke pakhomo nthawi yomweyo. Ana amachikonda, amalowamo n'kudzifunditsa kumutu, ndipo chimamatira pamphuno ndi pakamwa.

Tsopano mverani bwino za kanthu kamene makolo ambiri sakaopa n'komwe, chikhalirecho ndi koopsa kuposa kabati: kabatire kozungulira, kosalala, konyezimira ngati ndalama yachitsulo. Kamapezeka m'tizidole towala, m'zopachikira makiyi zokhala ndi katochi, m'mawotchi, m'timarimoti, m'makiyi a galimoto, m'makhadi oimba ukawatsegula, m'timakandulo tamagetsi. Zambiri mwa izi ndi zomwe zija apaulendo amagula pamsika kapena pabwalo la ndege kuti asafike chimanjamanja. Koopsetsa ndi kaja kokulirapo, ka mamilimita 20, kolembedwa CR2032 kapena manambala ofanana nawo. Kukula kwake n'kokwanira ndendende kukakamira pam'mero pa mwana.

Kakakamira pamenepo sikachita kusweka kuti kavulaze. Malovu amalumikiza mbali zake ziwiri, mphamvu ya magetsi imayamba kuyenda, ndipo pamalopo pamapangika mankhwala owotcha ofanana ndi kositiki soda wopangira sopo. M'maola awiri okha m'mero ukhoza kupsa kwambiri. Pafupi ndi m'mero pamadutsa njira ya mpweya ndi mtsempha waukulu wochokera kumtima. Bala likafika pamenepo mwana amasanza magazi, ndipo izi zimatha kuchitika ngakhale patapita masiku kabatireko atakachotsa kale. Batire lomwe mukuti latha, limene silikuyatsanso tochi, limakhalabe ndi mphamvu yowotcha.

Chimapusitsa makolo n'chakuti mwana amapitiriza kupuma, mwina kusewera kumene. Kenako amayamba kuchucha dovu, kukana phala, kutsokomola, kusanza, kuloza pakhosi kapena pachifuwa. Mayi amaganiza kuti ndi chimfine kapena zilonda zapakhosi. Mukaona chidole chili chotseguka, malo a batire ali pululu, ndipo batirelo simukulipeza, musadikire zizindikiro. Nyamulani mwana mupite kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku.

Musamusanzitse. Musamumezetse mbamu ya nsima kapena nthochi monga timachitira munga wa nsomba ukaima pakhosi. Musamumwetse mafuta ophikira kapena mkaka. Chinthu chimodzi chokha chimene madokotala amalola muli pa njira ndi uchi: masupuni aang'ono awiri pa mphindi khumi zilizonse, osapitirira kasanu ndi kamodzi, ngati mwanayo wakwanitsa chaka, akutha kumeza, ndipo sipanathe maola 12 chimezereni batirelo. Uchiwo umakuta batire n'kuchedwetsa kupsa. Suchiritsa, ndipo ngati mulibe m'nyumba musataye nthawi kukaufuna kwa aneba. Khanda losakwana chaka lisapatsidwe uchi.

Mukafika kuchipatala musakhale phee pamzere mwaulemu. Pitani kwa namwino munene momveka kuti, "Mwana wameza batire." Nenaninso nthawi imene mukuganiza kuti wameza, ndipo tengani chidolecho kapena batire lina lofanana nalo. Pa X-ray kabatire kamaoneka ngati ndalama, ndipo ndalama siichitidwa changu ngati batire, choncho mawu anu ndi ofunika. Zipatala zazing'ono zambiri zilibe X-ray kapena zida zochotsera, ndiye pemphani kuti akutumizeni msanga ku chipatala cha boma kapena ku chachikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kulinso Mercy James Centre yochita maopaleshoni a ana, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Kabatire kolowa m'mphuno kapena m'khutu nako ndi ka changu chomwecho, ndipo musathiremo madzi kapena mankhwala odonthezera.

M'bale wake wa batire ndi maginito. Tizikumbutso tija tomata pa firiji, tojambulidwa phiri la ku Cape Town kapena mathithi a Victoria, kuseri kwake kumakhala kamaginito kogwidwa ndi guluu basi. Guluu akauma ndi kutentha, kamaginito kamagwa pansi, ndipo amene amakatola ndi wokwawa uja. Mwana akameza tiwiri, kapena kamodzi ndi kachitsulo, timakokana tili m'zigawo zosiyana za matumbo, n'kutsina khungu la matumbo pakati mpaka kuboola. Poyamba mwana amangodandaula m'mimba, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti ndi njoka. Ku England, mu 2021, a zaumoyo anachita kutumiza chenjezo ku zipatala zonse chifukwa cha ana omeza timaginito tamphamvu, ena mwa iwo akuluakulu ndithu amene amatiika pa lilime poyerekeza ndolo. Choncho lankhulaninso ndi ana anu a pulaimale. Chikumbutso chilichonse chimene maginito ake akugwedera chitayidwe, ndipo zotsalazo zikwere pamwamba penipeni pa firiji.

Yang'ananinso mikanda ndi zibangili zopangidwa ndi njere. Pali kanjere kofiira konyezimira, kokhala ndi kadontho kakuda kumapeto. Mtengo wake woyanga umamera kuno kwathunso. M'kati mwa kanjereko muli poizoni woopsa, ndipo kakabooledwa kuti kalowe ulusi, chikhungwa chimene chimatsekera poizoniyo chimakhala chasweka. Mu 2011 malo okopa alendo a Eden Project ku England anaitanitsa zibangili zotere zimene anali atagulitsa. Mkanda wa njere zimenezi usavekedwe mwana ndipo usasungidwe m'nyumba ya ana.

Amayi anzanga osoka, ifenso tili ndi gawo lathu, ndipo ndikunena ngati mmodzi wa inu. Tili ndi chizolowezi cholumira mapini pakamwa tikamayeza nsalu, ndi chobaya singano pa bulauzi kapena pa chitenje pachifuwa tikaimirira kukatakasa ndiwo. Kenako mwana walira, tamunyamula kuti ayamwe, singano ili pomwepo. Ndinasiya chizolowezi chimenechi tsiku limene ndinapeza singano ili ndi ulusi wake itabayidwa pa nsalu imene ndinali nditaberekera mwana. Phini yolumidwa pakamwa imatha kulowa m'mapapo munthu akangoseka kapena kutsokomola, ndipo mwana amene amakuonani mukuchita zimenezo adzayesa naye. Werengani masingano poyamba kusoka ndi pomaliza. Asungidwe m'kabotolo kotseka zolimba pamodzi ndi mabatani ndi lumo, osati pa mkono wa sofa kapena pa matiresi. Singano ya makina ikathyoka, musapitirize mpaka mutapeza zidutswa zonse ziwiri. Ikathyokera m'phazi kapena m'chala, musakumbe ndi lezala. Pitani kuchipatala, ndipo mukafunsenso za katemera wa kafumbata.

Makina opalasa ndi phazi, kaya ndi Singer kaya Butterfly, pansi pake ndi pamene mwana wokwawa amakonda kukhala, pafupi ndi miyendo ya mayi ake, pamene gudumu ndi lamba zikuzungulira. Tizala timalowa pamenepo. Mukamaliza chotsani lamba pa gudumu n'kuvundikira makinawo. A magetsi azulidwe pa soketi, simbi nayonso, makamaka magetsi akazima muli pakati pa ntchito, chifukwa akabwera sadzakuuzani ndipo mwina mudzakhala muli kumsika.

Inu abale amene muli ku Johannesburg, ku Harare, ku London, mukamagula za ana tembenuzani chidolecho muone kuseri. Ngati kachitseko ka batire kakutseguka ndi chikhadabo chabe, kopanda sikuluu, chisiyeni m'sitolo momwemo. Ndipo inu akalipentala ndi anyamata operekeza katundu, mukamanyamuka ndi kabati yaitali, ponyani m'thumba tizitsulo tiwiri ndi choboolera khoma. Mukafika pakhomo, musanalandire ndalama, funsani kuti, "Kodi m'nyumba muno muli mwana?" Akayankha kuti alimo, mangani kaye kabatiyo kukhoma.