Kompyuta yopanda woisamala ndi mjigo wopanda komiti

Abale anga a m'malire, ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, lero tikambirane nkhani imene ambiri amaiyesa ya anthu a m'tauni okha, chonsecho ndalama zake zikuchokera m'minda mwathu. Ndikunena za makompyuta a m'masukulu a ukachenjede kumene timatumiza ana athu.

Chaka chatha achimwene anga anagulitsa matumba a mbatatesi kuti mwana wawo apeze ndalama ya chapa ndi ya matrikula. Mnyamatayo atafika ku sekretariya ya sukulu ina, imene sinditchula dzina, anamuuza mawu amene tonse tinawamvapo ku banki: palibe sistema. M'mawa mwake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu ndalama ya chakudya inali itatha. Sistema itabwerera, nota yake ya phunziro limodzi sinapezeke, ndipo anayamba kusakasaka mphunzitsi kuti amuchitire umboni woti analembadi mayeso.

Musaganize kuti dziko lathu ndi lachilendo pa zimenezi. Intaneti inalowa mu Moçambique kudzera ku yunivesite ya Eduardo Mondlane, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene ife kuno tinkabwerera kuchokera kothawa nkhondo. Mu 2005 boma linakhazikitsa MoRENet, njira yolumikiza masukulu a ukachenjede ndi malo a kafukufuku. Chaka chomwecho kunabadwa Instituto Superior Politécnico de Tete. Pano UniZambeze ili ndi nthambi ya zaulimi ku Ulónguè komweko, ndipo kuyambira 2019 tilinso ndi Universidade Púnguè. Masukulu afika pafupi ndipo makina alipo. Chimene chikuperewera kawirikawiri ndi chisamaliro.

Inu a kumudzi mukuidziwa bwino nkhani ya mjigo. Tsiku loutsegulira kumakhala gule ndi zolankhula za akuluakulu. Koma ngati palibe komiti, palibe thumba la ndalama zogulira zipangizo, palibenso munthu wodziwa kuumasula, pakatha chaka amayi amabwerera kudambo. Kompyuta nayonso ndi choncho. Imaopa fumbi la mu Okutobala, imaopa mphenzi ya mu Disembala, imaopa magetsi ozimazima. Yopatsidwa ngati mphatso imakalamba monga yogula.

Tinaziona mu 2020, masukulu atatsekedwa mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid-19. Ophunzira anauzidwa kuti aziphunzirira pa intaneti ali kwawo. Wa mu mzinda wa Tete anatha kutsatira. Wa kuno ankakwera pachulu kusaka netiweki, mamega nkumuthera phunziro lisanatseguke n'komwe.

Nanga akuluakulu a masukuluwa achite chiyani? Choyamba, pa ndondomeko ya ndalama za chaka chilichonse pakhale gawo lokonzera makina, osati logulira atsopano okha. Chachiwiri, katswiri wa makina alembedwe ntchito yokhazikika ndi kulipidwa bwino, chifukwa akapanda kutero makampani a malasha ku Moatize amutenga. Asakhalenso mmodzi yekha wodziwa mawu achinsinsi otsegulira sistema, kuti akapita kumaliro sukulu yonse iime. Aphunzitse ena, ngakhale ophunzira a pasukulupo, azithandiza.

Chachitatu, manota ndi mayina a ophunzira azisungidwa malo awiri kapena atatu osiyana, tsiku ndi tsiku. Madzi akatayika saoleka. Zaka zinayi za mwana wa munthu zisatayike chifukwa makina amodzi apsa. Chachinayi, chipinda chosungira makina aakulu chikhale ndi mabatire kapena magetsi a dzuwa. N'zochititsa manyazi kuti chigawo chimene chili ndi Cahora Bassa, yotumiza magetsi mpaka ku South Africa, chizilephera kulembetsa ana ake chifukwa cha mdima.

Chachisanu ndi chosafuna ndalama zambiri: kudziwitsa anthu. Sistema ikagwa, uthenga upite pa mafoni a ophunzira ndi pa wailesi za m'madera, munthu asanakwere chapa. Kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Tete ndi makilomita opitirira 200. Pakhalenso nambala ya foni imene imayankhidwadi, ndipo pauta izitseguka ngakhale pa kafoni kotchipa.

Ena adzati ndalama palibe. N'zoona kuti masukulu athu si olemera. Koma ndalama zimene zikusowa posamala makina zikutuluka ndithu, kungoti zikutuluka m'thumba la mlimi: ya chapa kawiri, ya malo ogona, ya chakudya, nthawi zina chaka chathunthu cha mwana. Kukonza kulipo ndi mtengo wake, kulekerera kulinso ndi mtengo wake, ndipo wachiwiriwu akulipira ndi osauka.

Choncho makolo anzanga, musachite mantha. Amene akulipira propina ali ndi ufulu wofunsa. Mukafika pasukulu, kapena akuluakulu ake akabwera pamsonkhano kuboma, musangofunsa kuti muli ndi makompyuta angati. Funsani kuti angati akugwira ntchito, amawakonza ndani, ndipo manota a mwana wanga akusungidwa pati. Mafunso amenewa timawafunsa kale ku komiti ya mjigo. Tiwafunsenso ku yunivesite.