"Zinalembedwa"? Analemba ndani?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, pali mawu amodzi amene andikwana: "zinalembedwa". Mwana walephera MSCE, zinalembedwa. Minibasi yopanda mabuleki yagubuduzika, zinalembedwa. Pamaliro ndiye osanena. Mlaliki akangoti chinali chifuniro cha Mulungu, tonse ameni, nkhani yathera pomwepo.

Musandimve molakwa. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu ndiye mwini zonse. Chimene ndikukana ndi khalidwe losandutsa ulamuliro wake bulangete lofunditsira ulesi ndi dyera lathu.

Taonani phiri la Soche, limene ife a ku Nkolokosa timalipenya tsiku ndi tsiku. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phirimo n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko muno tinataya anthu oposa 1,000. Mvula ija sitinaiitane ife, n'zoona. Koma ndani anadula mitengo ya m'phirimo? Ndani anagawa mapuloti pamtsetse n'kulandira ndalama? Ndani amene ntchito yake inali kuletsa, koma anayang'ana kumbali? Sindikuweruza omwalira ayi. Wosauka amamanga pamene thumba lake lamufikitsa. Ndikunena ife otsala, amene tikangoti "zinalembedwa" mafunso onsewa timawakwirira limodzi ndi maliro.

Ena mudzati, "Aphunzitsi, kodi si chiphunzitso cha mpingo kuti Mulungu anakonzeratu zonse?" Chabwino, tiyeni tichione. Chinatipeza kudzera mwa amishoni a ku Scotland amene anafika ku Blantyre mu 1876, ndi a Dutch Reformed amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889. Onsewa anali m'mapazi a John Calvin wa ku Geneva. Ndipo anali okhwima pankhaniyi: msonkhano wa ku Dort wa 1618 mpaka 1619 unakana maganizo a otsatira Arminius n'kutsindika kuti kusankhidwa kwa munthu ndi chisomo chokha. Koma mkangano umenewo unali wa chipulumutso cha moyo, osati wa mabuleki a minibasi! Chivomerezo cha Westminster cha 1646, m'mutu wake wachitatu, pamene chikuti Mulungu anakonzeratu zonse, pomwepo chikukana kuti Iye ndi mwini tchimo, chikukananso kuti chifuniro cha munthu chimakakamizidwa. Amishoni omwewo anamanga masukulu ndi zipatala. Akanakhala a "zinalembedwa" wathuyu, HHI bwenzi kulibe.

Tsegulani Machitidwe 27. Paulo anali atauzidwa kale ndi mngelo kuti m'chombo muja simufa munthu. Koma amalinyero atafuna kuthawa, Paulo yemweyo anachenjeza asilikali kuti akachoka amenewa palibe apulumuke. Lonjezo linalipo, komabe anthu anayenera kugwira ntchito. Pa Deuteronomo 22:8, womanga nyumba akulamulidwa kutchinga m'mphepete mwa denga, apo ayi mlandu wa wogwayo uli pa iye. Mulungu sanati wogwayo tsiku lake linakwana.

Ndikudziwa kuti mayi amene wataya mwana amapeza mpumulo pomva kuti Mulungu sanagone. Mawu amenewo sindingamulande. Koma chitonthozo cha namfedwa chisakhale pothawira pa wolakwa.

Ife aphunzitsi tiyambe ndi ife eni. Ngati silabasi sitinamalize chifukwa tinali kalikiliki ndi mapatitayimu, tisauze kholo kuti chaka chino sichinali cha mwana wake. Nanunso ana anga amene lero muli m'maofesi, ena mwa inu ndinu osainira mapulani a nyumba, ena opereka ziphaso za galimoto. Cholembera chili m'manja mwanu. Tsiku lina akadzati "zinalembedwa", ine ndidzafunsa kuti tione siginecha.

Amene simukugwirizana nane, bwerani ndi vesi, osati mkwiyo.