Lamya zapansi zikutha ku Britain: nanga alamu idzaimba bwanji?

Pofika pa 31 Januwale 2027, kampani ya BT ikufuna idzakhale itatsekeratu netiweki yakale ya lamya zapansi, ija imayenda pa mawaya a kopa, m'dziko la Britain. Tsikuli si loyamba kutchulidwa. Poyamba kampaniyi idati ntchitoyi idzatha pofika Disembala 2025, koma mu Meyi 2024 idalengeza kuti yasuntha nthawi. Chidachedwetsa ntchitoyi si lamya zoimbira abale ndi alongo ayi, popeza ambiri adazisiya kalekale n'kuyamba za m'manja. Vuto lili pa timakina tomwe takhala tikuimba patokha pa mawayawo kwa zaka zambiri osaoneka: alamu zoteteza nyumba ku mbava ndi moto, mabatani a m'zikepe zokwerera nyumba zosanjikizana, komanso timikanda tomwe okalamba amavala m'khosi kapena pamkono kuti akagwa angodina.

Anthu pafupifupi 2 miliyoni m'dzikolo amadalira timikanda totere. Amalawi ndi anthu ena a kuno kumwera kwa Africa amene akugwira ntchito yosamalira okalamba kumeneko akutidziwa bwino, chifukwa kawirikawiri ndiwo amathamangira batani likadinidwa.

Alamu yakale imagwira ntchito m'njira yosavuta. Chitseko chikathyoledwa kapena batani likadinidwa, kachipangizo ka mkati mwake kamaimba nambala ya ofesi yolondera, n'kutumiza uthenga wake pogwiritsa ntchito timawu tofanana ndi tomwe timamveka munthu akamadina manambala pa lamya. Mphamvu yake idali pa chinthu chimodzi chomwe ambiri sankachiganizira: waya wa lamya umabwera ndi magetsi akeake, pafupifupi mavoti 50, ochokera ku nyumba yolumikizira lamya komwe kuli mabatire ndi majenereta. Magetsi akazima m'dera lonse, lamya yapansi imakhalabe yamoyo.

Njira yatsopano, yomwe BT imaitcha Digital Voice, imadutsitsa mawu pa intaneti kudzera mu rauta ya m'nyumba. Magetsi akazima, rauta nayo yazima, ndipo alamu ilibe podutsa. Ngakhale magetsi alipo, timawu tija nthawi zina timapindika tikamasinthidwa kukhala uthenga wa pa intaneti, kotero kuti ofesi yolondera imalandira zosamveka kapena osalandira kalikonse. Choopsa n'chakuti alamuyo imaoneka yabwinobwino, nyali zake zikuyaka, mpaka tsiku lomwe yafunika.

Namondwe wotchedwa Arwen, yemwe adaomba mu Novembala 2021, adasiya mabanja ena opanda magetsi kwa masiku oposa sabata, ndipo omwe adali atasamutsidwa kale ku njira yatsopano adalephera kuimba ngakhale nambala ya ngozi ya 999. Mu Malichi 2022 BT idayamba yaimitsa kusamutsa anthu. Mu Disembala 2023, zitamveka kuti timikanda ta okalamba ena talephera kugwira ntchito, boma lidaitanitsa makampani a lamya ndipo adasaina pangano loti sadzasamutsa munthu wodalira kamkanda asadatsimikize kuti kagwira ntchito. Bungwe loyang'anira makampaniwa, Ofcom, lidafufuza kampani ya Virgin Media, ndipo mu Disembala 2025 lidailipiritsa chindapusa cha mapaundi 23.8 miliyoni chifukwa chosasamala makasitomala otere powasamutsa.

Yankho lomwe ambiri akulithamangira ndi kuchotsa kachipangizo koimba pa waya n'kuikapo kokhala ndi SIM khadi, koimba kapena kutumiza uthenga kudzera pa netiweki ya lamya za m'manja. Nzeruyi ndi yabwino ndithu. Kachipangizoka kamakhala ndi batire yakeyake, sikadalira rauta, ndipo mbava siingakalepheretse pongodula waya kunja kwa nyumba, monga zinkachitikira kale. Mitundu yabwino imalankhulana ndi ofesi yolondera pafupipafupi, moti ikangokhala chete ofesiyo imadziwa msanga kuti china chake chalakwika. Alamu yakale yotchipa inkatha kufa kwa miyezi popanda wodziwa.

Koma apa ndi pomwe wogula ayenera kutsegula maso, chifukwa netiweki ya m'manja nayo ili paulendo womwewo. Boma la Britain lidagwirizana ndi makampani kuti 2G ndi 3G zidzakhale zitathetsedwa pofika 2033, ndipo Vodafone ndi EE adazimitsa kale 3G kumayambiriro kwa 2024. Tizipangizo tambiri totchipa tomwe tikugulitsidwa pa intaneti timangodziwa 2G basi. Wogula kotere wathawa mlatho wina womwe ukugumulidwa n'kukaima pa wina womwe wauika kale chizindikiro. Ku Australia, pomwe Telstra ndi Optus adayamba kuzimitsa 3G pa 28 Okutobala 2024, alamu za odwala zidali m'gulu la zipangizo zomwe eni ake adachenjezedwa kuti zisiya kugwira ntchito. Chipangizo chogulidwa lero chiyenera kudziwa 4G, ndipo ngati chimaimba ndi mawu osati kungotumiza uthenga, chiyenera kutha kuimba pa 4G pomwepo, zomwe si zonse zimachita.

Palinso nkhani ya SIM khadi yeniyeniyo, yomwe imaoneka yaing'ono koma yagwetsa ambiri. SIM yoikamo mayunitsi imatsekedwa ndi kampani ikakhala miyezi ingapo osaimba, ndipo alamu yabwino ndi yomwe imatha miyezi osaimba. N'chifukwa chake makampani a alamu amagwiritsa ntchito SIM zapadera zolipiridwa mwezi ndi mwezi, zotha kudumphira pa netiweki ina yoyamba ikafooka. Izi zikutanthauza ndalama ina yomwe kale padalibe, ndipo kwa okalamba ambiri ndalamayo imagwera makhonsolo kapena mabanja awo.

Nsanja za netiweki nazo zimadya magetsi, ndipo mabatire ake amatha ngati magetsi achedwa kubwera. Lamulo la Ofcom limangofuna kuti munthu wodalira lamya yapansi apatsidwe njira yoimbira nambala ya ngozi kwa ola limodzi magetsi akazima. Kwa ife ozolowera kuzima kwa magetsi a Escom, ola limodzi ndi nthabwala, ndipo ngakhale ku Britain namondwe uja adaonetsa kuti n'lochepa. Mbava nazo zili ndi timakina tosokoneza netiweki, toletsedwa koma topezeka. Pa chifukwachi makampani a inshuwalansi ambiri amafuna kuti nyumba zamalonda zikhale ndi alamu ya njira ziwiri, intaneti ndi SIM, kapena SIM ziwiri za makampani osiyana. Mwini sitolo amene wasintha alamu yekha osawauza akhoza kudzamva tsiku lakuba kuti salipidwa.

Sitikunena kuti mawaya a kopa akadasungidwa. Netiwekiyo yakalamba, zida zake zina sizipangidwanso, ndipo amisiri oidziwa akupuma pantchito. Cholakwika chidali kuganiza kuti ntchitoyi ndi yosintha lamya chabe, pomwe makampani a lamya sankadziwa n'komwe kuti ndi nyumba ziti zili ndi timikanda, popeza timaperekedwa ndi makhonsolo ndi makampani ena. Mpaka pano ntchito yaikulu ndi yosonkhanitsa maina amenewa ndi kutumiza mmisiri khomo ndi khomo kukadina batani, n'kudikira kuti amve ngati wina wayankha mbali inayo. Kusuntha tsiku kuchoka mu 2025 kufika mu 2027 kudagula miyezi 13 yokha ya ntchito imeneyi.