Mwana wa ku yunivesite aphunzirenso kuwerenga phindu

Mwezi uno tikambirane za ana athu amene ali m'sukulu za ukachenjede. Chaka ndi chaka mabanja a m'mipingo yathu ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amagulitsa chimanga, fodya, nyemba, ngakhale ng'ombe imene, kuti mwana akamalize zaka zinayi za maphunziro ake. Tsiku lovala mkanjo likafika timaimba nthungululu, ndipo n'koyenera ndithu. Koma kukacha limatsala funso limene ambiri sitikonda kulifunsa mokweza: kodi mwanayu adzadya chiyani?

Kale yankho silinali lovuta. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1975 panali yunivesite imodzi yokha, imene inayamba mu 1962 ndi kutchedwa Eduardo Mondlane mu 1976, ndipo ophunzira anali ochepa kotero kuti ntchito ndiyo inkafunafuna munthu. Lero sukulu zachuluka. M'chigawo chathu chino cha Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005; muli nthambi ya zaulimi ya UniZambeze pa Ulongwe pomwepa; muli nthambi ya Universidade Púnguè, imene inabadwa mu 2019. Otuluka m'sukuluzi achuluka, koma mipando ya m'maofesi sinachuluke nawo. Malasha a ku Moatize atayamba kutumizidwa kunja mu 2011 ambiri tinkati ulova watha. Tsono mgodi wa makono umakumbidwa ndi makina akuluakulu, ndipo kampani ya Vale, imene anthu ankaiyang'anira, inagulitsa mgodiwo n'kuchoka mu 2022.

N'chifukwa chake mawu akuti empreendedorismo, ndiko kuti luso loyambitsa malonda ako ndi kuwayendetsa, akumveka kwambiri m'masukulu. Yunivesite ya Eduardo Mondlane inafika pokhazikitsa sukulu yapadera ya phunziroli ku Chibuto, m'chigawo cha Gaza, mu 2008. Ife tikuvomereza kuti phunziroli n'lofunika. Nkhawa yathu ili pa kaphunzitsidwe kake. Kawirikawiri wophunzira amauzidwa kulemba dongosolo la malonda la masamba makumi atatu, la fakitale imene sadzaimanga, ndi mamiliyoni amene sadzawagwira, ndipo amakhoza mayeso asanagulitseko ngakhale mulu umodzi wa tomato. Munthu sangaphunzire kupalasa njinga pomvetsera nkhani ya njinga.

Njira ina ilipo, ndipo inayesedwa. Yunivesite ya Leuphana ya ku Germany, pogwirizana ndi aphunzitsi a ku Makerere m'dziko la Uganda, inakonza maphunziro otchedwa STEP. Ophunzira amagawidwa m'timagulu, ndipo kagulu kalikonse kamapatsidwa mpamba wa pafupifupi madola 100. Pa masabata khumi ndi awiri amayenera kuyambitsa malonda enieni, kugula, kugulitsa, kukangana ndi ogula pa mitengo, ndipo potsiriza kubweza mpambawo. Phunziro la m'kalasi limayendera limodzi ndi zimene akumana nazo pamsika sabata imeneyo. Wotaya ndalama amataya zochepa, ali mwana wa sukulu, aphunzitsi ali pafupi kumufunsa pamene zinalakwika. Kumeneko ndiye kuphunzira kotsika mtengo, pakuti kulakwitsa komweko atakula kukanadya ng'ombe za bambo ake.

Ku Lomé, m'dziko la Togo, akatswiri anatsata eni malonda ang'onoang'ono 1,500 ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 2017. Amene anaphunzitsidwa kuyamba okha zinthu osadikira kuuzidwa, kufunafuna ogula atsopano ndi kusabwerera m'mbuyo pa vuto, phindu lawo linakwera ndi 30 pa 100 alionse m'zaka ziwiri. Amene anangolandira maphunziro a masiku onse a malonda linakwera ndi 11 yokha, mwina mongochitika. Awa sanali ana a yunivesite, koma phunziro lake likutikhudza: chidziwitso chimene sichinafike m'manja ndi m'miyendo sichisintha za m'thumba.

Tsono ndi luso liti limene tikufuna kuti mwana abwere nalo? Loyamba, ndipo apa tichedwapo, ndi kuwerenga phindu moona. Tiyerekeze mnyamata amene wagula matumba khumi a mbatatesi pa Ulongwe, lililonse pa mametikali 1,000, napita nawo ku mzinda wa Tete kumene awagulitsa pa 1,400. M'mutu mwake wapindula 4,000, ndipo wayamba kale kuganiza za foni yatsopano. Koma galimoto inamulipiritsa 150 pa thumba, ndiyo 1,500. Onyamula katundu pokweza ndi potsitsa anatenga 300. Msonkho wa pamsika, chakudya ndi pogona zinadya 700. Ndipo kutentha kwa ku Tete, kumene tonse tikukudziwa, kunaoletsa mbatatesi zokwana thumba limodzi, ndiwo mametikali 1,400 amene sanalowe. Chotsala ndi 100. Mnyamatayu wagwira ntchito masiku atatu chifukwa cha ndalama zosakwana kugula nkhuku, koma ngati sanalembe adzabwereza ulendowo kasanu, nadzadabwa kuti mpamba ukutheranji. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Chosowa ndi chizolowezi chokhala pansi madzulo alionse ndi kabuku, kulemba cholowa ndi chotuluka, mpaka ndalama ya chapa ndi ya mayunitsi. Atalemba ndi pamene amayamba kufunsa mafunso anzeru: bwanji osapeza wogula asananyamuke, mwini malo odyera kapena wokazinga tchipisi, kuti katundu asagone padzuwa? Bwanji osagawana galimoto ndi anzake?

Lachiwiri ndi kulekanitsa ndalama za malonda ndi za m'nyumba. Lero izi zapepuka, chifukwa chiyambire M-Pesa mu 2013, ndiponso e-Mola pambuyo pake, munthu akhoza kusunga za malonda pa nambala yakeyake. Chovuta si foni ayi, koma ife eni. Mwana akatsegula kagolosale, oyamba kufika ndi amalume, azakhali ndi abale a mumpingo, onse ndi mawu amodzi akuti “tidzapereka tikakolola.” Mwana woleredwa bwino sangakanize amalume ake sopo, ndipo sitikufuna kuti asanduke wouma mtima. Koma aphunzire kunena mwaulemu kuti, “Amalume, ichi ndikupatsani ine kuchokera pa malipiro anga, koma za m'sitolo si zanga, ndi za malonda.” Ndipo ife akuluakulu tileke kuona mpamba wa mwana ngati nkhokwe ya banja. Malonda ambiri a achinyamata amafera m'buku la ngongole, ndipo mayina olembedwa m'bukumo ndi athu.

Pa za mpamba timamva kudandaula kwambiri, ngati kuti ndalama zikangopezeka zonse zitheka. Tikumbukire ndalama zija zotchedwa mamiliyoni asanu ndi awiri, zimene boma linayamba kupereka ku maboma ang'onoang'ono onse mu 2006. Anthu ambiri analandira, obweza anali ochepa, ndipo mwa zifukwa zake china chinali chakuti ena anaziyesa mphatso, ena analandira mpamba asanadziwe chimene adzagulitse ndi amene adzagule. Amayi athu a chipereganyu, chimene anzathu a kum'mwera amati xitique, amadziwa bwino kuposa pamenepo: amayamba ndi zochepa, amabweza pa tsiku lake, ndipo amadziwana nkhope. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Wophunzira wa chuma amene sanakhalepo pansi ndi amayi otere kufunsa mmene amayendetsera gulu lawo wasiya buku lalikulu osalitsegula.

Ife a m'malire tili ndi phunziro lina limene buku lolembedwa ku Maputo silingalitchule. Pa Calómuè ndi pa Zóbuè malonda amayenda ndi ndalama ziwiri. Mu Novembala 2023 dziko la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo amene anagona ndi makwacha a nyemba zawo anadzuka atasauka osaberedwa ndi munthu. Mwana wophunzira ayenera kudziwa kuti wagula ndi ndalama iti, agulitsa ndi iti, ndipo asasunge nthawi yaitali imene sadzagulira katundu wake.

Za malamulo tingodutsapo mwachidule. Nambala ya msonkho, NUIT, ndi chiphaso cha malonda chimene chimatengedwa ku Balcão de Atendimento Único si zokongoletsa khoma. Popanda zimenezi sukulu, chipatala kapena kampani sizingagule kwa iwe, chifukwa zimafuna lisiti lovomerezeka. Mu 2009 boma linakhazikitsa msonkho wopepuka wa amalonda ang'onoang'ono, ISPC, kuti wa kagolosale asasenze mtolo wa kampani yaikulu. Mlingo wa misonkho umasintha, choncho wophunzira apite yekha ku ofesi akafunse wa chaka chimenecho. Ulendo umenewo ndi phunziro kale.

Ena adzati, kodi tinamutumiza mwana kukaphunzira kapena kukagulitsa mandasi? Funsoli lili ndi nzeru. Taona ana amene malonda anawakomera nasiya sukulu m'chaka chachitatu, ndipo si onse anabadwira malonda. Dziko likufunabe anamwino, aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi olembedwa ntchito. Chimene tikunena n'chakuti malonda a wophunzira akhale aang'ono, a nthawi yoikika, ndiponso ogwirizana ndi zimene akuphunzira. Wa zaulimi afese mbande za kabichi ndi anyezi zogulitsa kwa alimi a m'madimba, kapena awete anapiye makumi asanu kwa masabata asanu ndi limodzi n'kuona yekha mmene chakudya cha nkhuku chimadyera phindu. Wa zowerengera ndalama asunge mabuku a mwini chigayo. Wa makompyuta akonze mafoni ndi kulembera anthu makalata. Akatero digiri ndi malonda zimathandizana, ndipo ngakhale atadzalembedwa ntchito, bwana wake adzapeza munthu wodziwa mtengo wa zinthu.

Tchuthi chikubwerachi, makolo amene angathe ayese izi. M'malo mwa ndalama ya m'thumba, mubwerekeni mwana mtengo wa thumba limodzi la chimanga pamaso pa mboni, mugwirizane tsiku lobweza, ndipo phindu likhale lake. Pa tsikulo musayambe ndi kufunsa ndalama. Muuzeni abwere ndi kabuku, mukhale naye pakhonde, ndipo akuwerengereni tsamba ndi tsamba zimene anagula, amene anamugulitsa ndi amene sanamulipire.