Zipinda za lendi ku Chanyanya: lamulo lilingane ndi msinkhu wa nyumba

Caka ciliconse pa 1 Disembala Boma limatseka mtsinje wa Kafue ndi madambo ake kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi saloledwa kuponya ukonde kufikira kutha kwa Febuluwale. Ku Chanyanya, doko la asodzi limene lili kumadzulo kwa tauni ya Kafue, miyezi itatu imeneyi ndalama imasowa. Koma Malichi akangolowa mabwato amabwerera pamadzi, ndipo pambuyo pake pamafika amalonda a nsomba ocokera ku Lusaka, ku Kafue ndi kwina. Anthu amenewa sabwera kudzakhazikika. Ena amagona masiku awiri, ena mlungu wathunthu, ena amadikira milungu ingapo kufikira madengu awo atadzala. Onsewa amafuna pogona, ndipo amene ali ndi kacipinda kuseri kwa nyumba ndiye amawalandira, iwo n'kumupatsa kangacepe.

Malonda a zipinda zimenezi ndi ang'ono, koma amadyetsa mabanja. Kwa mai wamasiye, kapena nkhalamba imene siingathenso kupalasa bwato, ndalama ya mlendo ndiyo sopo, mcere ndi yunifomu ya mdzukulu. Funso limene tifuna kuika pamaso pa eni nyumba ndi pa Khonsolo ya Kafue ndi ili: kodi malonda amenewa ayenera kuyendera lamulo liti?

Dziko lathu lili ndi malamulo awiri oyandikira nkhaniyi. Loyamba ndi lamulo la lendi la mu 1972, Rent Act, limene ndi Mutu 206 wa malamulo a Zambia. Linalembedwa poganizira munthu wokhala m'nyumba ya wina miyezi ndi zaka. Laciwiri ndi lamulo la zokopa alendo la mu 2015, Tourism and Hospitality Act, limene lifuna kuti malo ogona alendo akhale ndi laisensi ndi kuyenderedwa ndi bungwe la Zambia Tourism Agency. Pansi pa lamulo limeneli, mu 2017 kunayamba msonkho wa K1.50 pa K100 iliyonse imene mlendo walipira pogona. Amene analilemba anali kuona mahotela a ku Livingstone ndi maloji a alendo a ndalama. Cipinda ca njerwa zosaocha, ca mphasa ndi kandulo, cimene mai wogula nsomba amagonamo masiku asanu, cimagwa pakati pa malamulo awiriwa.

Maiko ena alimbana nayo kale nkhani yotere. Kumeneko eni nyumba amapeza alendo a masiku ocepa kudzera pa intaneti, maka-maka pa Airbnb. Mzinda wa New York unayamba mu Seputembala 2023 kukakamiza eni nyumba otere kulembetsa, ndipo unaletsa kubwereketsa nyumba yathunthu kwa masiku osakwana 30 mwini wake kulibe. Mu 2024 mzinda wa Barcelona ku Spain unalengeza kuti malaisensi a nyumba zotere, okwana pafupi-fupi 10,000, adzatha pofika mu 2028. Cifukwa cake n'cimodzi: nyumba zinali kupita kwa alendo, eni mzinda n'kusowa pokhala. Nthenda imeneyi ku Chanyanya tiidziwa, ngakhale kuti mankhwala a ku Barcelona sangagwire nchito pa doko la asodzi.

Nthendayo imaoneka motere. Nyengo ya nsomba ikatseguka, mwini nyumba amawerengera pa zala ndi kuona kuti wolipira usiku ulionse ampatsa zambiri kuposa wolipira pa mwezi. Pamenepo munthu amene wakhala m'cipindaco caka conse, kaya ndi wanchito wa m'minda yothirira imene inayamba ku Chanyanya mu 2008, kaya ndi banja lacinyamata limene lisanamange yakeyake, amangouzidwa kuti acoke cifukwa “kubwera wacibale”. Akakana, ena amazula citseko, ena amasasula malata, ena amagwira mapoto ndi mabulangete. Eni nyumba adziwe kuti zimenezi n'zosaloleka. Lamulo la mu 1972 silola kucotsa wa lendi m'nyumba popanda cilolezo ca khoti, ndiponso silola kulanda katundu wake cifukwa ca nkhongole ya lendi khoti lisanavomereze. Mai wamasiye amene tamuchula pamwambapa alinso pansi pa lamulo limeneli. Umphawi wake sumupatsa mphamvu yotulutsa mmphawi mnzake pabwalo ndi ana.

Ndiponso kuwerengera kwa pa zala kumeneku n'kopereweza. Mlendo ndi mame, anatero akale. Disembala akafika amalonda onse amabalalika, cipinda n'kukhala ca makoswe miyezi itatu, ndipo mwini nyumba amayamba kufuna-funa munthu yemwe uja anamupitikitsa mu Malichi. Wowerengera bwino awerengere miyezi khumi ndi iwiri, osati milungu ya nsomba zambiri yokha.

Koma cinthu cacikulu kopambana ndi cimbudzi. Chanyanya ili m'mbali mwa dambo, kumene madzi ali pafupi ndi nthaka. Dzenje losakumbidwa bwino limadzala msanga m'nyengo ya mvula, ndipo zonyansa zimatsikira ku zitsime zosazama ndi kumtsinje kumene anthu amatunga madzi ndi kutsukira nsomba. Bwalo limene linali la banja limodzi likalandira alendo khumi pa cimbudzi cimodzi-modzi comweco, ndalama imalowa m'thumba la munthu mmodzi, koma ngozi imagwera mudzi wonse, ngakhale mnansi amene sanalandireko ngwee. Sitinaiwale kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, imene inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, bwalo la masewera la National Heroes ku Lusaka n'kusanduka cipatala, masukulu n'kucedwa kutsegulidwa kufikira pa 12 Febuluwale 2024. Nthenda imeneyi imayenda ndi anthu a paulendo, ndipo pa doko anthu amalowa ndi kutuluka tsiku lililonse. Pa nkhani ya cimbudzi ndi madzi sitingaimire kumbuyo mwini nyumba aliyense. Lamulo la zaumoyo wa anthu, Public Health Act, Mutu 295, linapatsa kale makhonsolo mphamvu yoyendera malo ndi kulamula kuti zonyansa zicotsedwe.

Tsono wina anganene kuti: ngati zili tero, bwanji osangolamula kuti aliyense wogoneka alendo atenge laisensi monga ya loji, wolephera atseke? Ife tikana. Mai wa zipinda ziwiri sangakwanitse mapepala, maulendo a ku maofesi ndi ndalama zimene loji imalipira. Adzatseka, kapena adzapitiriza mobisa, ndipo cobisika woyendera zaumoyo sacifikira. Amalonda a nsomba sadzaleka kubwera cifukwa zipinda zatsekedwa. Adzagona pa doko, m'makonde a mabala, kapena m'misasa ya asodzi. Ambiri mwa iwo ndi azimai oyenda ndi ndalama za mpamba m'citenje. Ofufuza analemba mu 2008 za m'madambo a Kafue momwe muno kuti azimai ena ogula nsomba amagonana ndi asodzi kuti apeze nsomba, ndi kuti mcitidwe umenewu umafalitsa kacilombo ka HIV. Mai amene ali ndi cipinda cakecake cokhoma, cimene walipira ndi ndalama yake, ali ndi mphamvu yokana kuposa amene pogona pake padalira cifundo ca mwini bwato. Wotseka zipinda za azimai a m'mudzi aganizire kumene azimai anzawo a paulendo adzagona.

Cimene tipempha Khonsolo ya Kafue ndi lamulo laling'ono lolingana ndi malowo. Aliyense wogoneka alendo pabwalo pake alembetse dzina lake pafupi, ku wadi komweko, kwaulere kapena ndi ndalama yocepa kwambiri. Polembetsa aonetse cimbudzi cabwino cokhala ndi covundikira, posamba m'manja, ndi citseko cokhoma. Asunge kabuku kolemba dzina la mlendo, kumene wacokera ndi tsiku limene wacoka. Kabuku kameneka ena adzakanyoza, koma tsiku limene mlendo wadwala kutsegula m'mimba atabwerera kwao, kapena injini ya bwato yasowa usiku, a zaumoyo ndi apolisi adzayambira pamenepo. Ndipo lamulolo lisiyanitse. Munthu amene wamanga mdadada wa zipinda khumi kapena makumi awiri, bala pakhomo, iye mwini akhala ku Lusaka, ameneyo ndi wamalonda weni-weni. Atenge laisensi, alipire zonse, ndipo ayankhe pa phokoso ndi ndeu zimene anansi amapirira usiku.

Tidziwa cimene cimaopsa anthu akamva za kulembetsa: msonkho. Apa pafunika kufotokoza bwino, pakuti mantha ambiri amabwera cifukwa cosamva. Mu 2022 Boma linasintha njira ya msonkho wa lendi kuti mwini nyumba azilipira yekha ku Zambia Revenue Authority, ndipo mu 2023 linaika kuti lendi yosapitirira K12,000 pa caka, ndiko kuti K1,000 pa mwezi, isakhale ndi msonkho. Malire otere amasintha ndi bajeti, motero a ZRA apite okha kukafotokozera anthu za caka cimeneco, osati kuwasiya akumva za m'maluwa.

Khonsolo nayonso ili ndi mbali yake. Siingalamule mai wamasiye kumanga cimbudzi colimba pamene pa doko, pamene anthu mazana amasonkhana, zimbudzi za onse n'zosakwanira unyinji wa anthuwo. Mu 2022 ndalama za citukuko ca m'madera, CDF, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo. Komiti ya citukuko ya wadi ndiyo khomo lopemphera ndalama zimenezi, ndipo anthu a ku Chanyanya ali ndi ufulu wopempha kuti zimbudzi ndi madzi abwino pa doko zikhale patsogolo. Ndalama iliyonse imene khonsolo idzatolera kwa eni zipinda ioneke kumene yapita. Anthu amalipira mosanyinyirika akaona njerwa.

Nthawi yabwino yokambirana zonsezi ndi miyezi ya ciletso, pamene maukonde apacikidwa ndipo anthu ali pakhomo. A Khansala, anyakwawa, a zaumoyo ndi a dipatimenti ya nsomba aitanitse msonkhano, ndipo alankhule m'zilankhulo zonse za pa doko, Cinyanja, Citonga, Cibemba ndi Cilozi. Pa msonkhanopo aitanidwenso a lendi a pa mwezi ndi azimai ogula nsomba, pakuti eni nyumba akakhala okha adzakamba za mtengo wa cipinda cabe.